Mafumu a ku Ulaya amene sankafunsa munthu: anakwera bwanji, chinawagwetsa n'chiyani?

Nachisale:
Moni nonse pagulu pano. Pali nkhani ikundizunguza mutu. Ndikuwerenga za mafumu a ku Ulaya a zaka za m'ma 1600 ndi 1700, a Louis XIV a ku France ndi anzawo aja, amene ankati mphamvu zonse za dziko zili m'manja mwawo ndipo woti n'kuwafunsa ndi Mulungu yekha. Chimene sichikundilowa m'mutu n'chakuti mayiko amenewo anali kale ndi misonkhano ya akuluakulu, ya mabishopu, eni malo ndi nthumwi za m'matauni, ndipo mfumu ikafuna msonkho watsopano inkayamba yawaitana. Nanga anthu amphamvu choncho analola bwanji kuti munthu mmodzi aziwalamulira osawafunsa? Ndiye ngati mphamvu zonse zinalidi zake, chinamugwetsa n'chiyani? Aphunzitsi amene muli muno, tithandizeni.

Aphunzitsi Opuma:
Zikomo mwana wanga, wafunsa bwino. Ine ndiyambira pa mantha, chifukwa ukayambira pa nyumba zokongola zachifumu za ku Versailles nkhaniyi suimvetsa.

Ku France, kuyambira 1562 mpaka 1598, Akatolika ndi Apulotesitanti ankaphana okhaokha. Mu Ogasiti 1572 anthu masauzande anaphedwa m'misewu ya Paris m'masiku ochepa chabe. Mafumu awiri otsatizana, Henry III mu 1589 ndi Henry IV mu 1610, anabayidwa ndi mpeni ndi anthu oganiza kuti akutumikira Mulungu. Ku Germany nkhondo imene inabuka mu 1618 inadzatha mu 1648, madera ena atasanduka mabwinja. Munthu amene waika ana ake m'manda chifukwa cha nkhondo yapachiweniweni safunsa zambiri. Akamva kuti pali mmodzi woti angalande zida kwa mabwana onse n'kukhazikitsa bata, amangovomera.

Louis XIV nayenso anakulira m'mantha omwewo. Analowa ufumu mu 1643 ali ndi zaka 4. Mu 1648 oweruza a ku Paris, kenako akalonga a m'banja lachifumu lomwelo, anagalukira boma la mayi ake ndi nduna yawo Mazarin. Usiku wina mu Januwale 1649 mwanayo anamuthawitsa mu Paris mozemba. Mwezi womwewo, tsidya lina la nyanja, Angerezi anadula mutu mfumu yawo Charles I, amene anali mwamuna wa azakhali ake a Louis. Zonsezi zinkachitika mwana wa zaka 10 akuona. Mazarin atamwalira mu 1661, Louis anauza nduna zake kuti sipadzakhalanso nduna yaikulu, nkhani iliyonse izifika kwa iye. Chaka chomwecho anamanga Fouquet, mkulu woyang'anira chuma cha dziko, ndipo munthuyo anafera m'ndende. Akuluakulu onse anamva uthengawo.

Za Mulunguzo zinabwera kudzaphimba pamwamba. Bishopu Bossuet ankaphunzitsa kuti mfumu imaikidwa ndi Mulungu, woiukira waukira Mulungu. Anthu otopa ndi magazi chiphunzitso chotere anachilandira mosavuta.

Bambo a Tadala:
Aphunzitsi mwalasa. Ine ndimaona kuti masiku ano timangowanyoza mafumu amenewa, koma ntchito anagwira. Colbert, nduna ya Louis, anamanga mafakitale, anakonza zombo zankhondo, ndipo m'nthawi yake anakumba ngalande ya Canal du Midi imene mpaka lero mabwato akuyendamo. Mfumu inatumiza anthu ake m'zigawo zonse kukayang'anira misonkho ndi milandu, mabwana a kumeneko analeka kuchita zofuna zawo.

Ndiye taonani dziko limene linakana mfumu yamphamvu. Ku Poland mfumu inkachita kusankhidwa ndi mabwana, ndipo kuyambira 1652 phungu mmodzi yekha akaimirira n'kunena kuti sakulola, msonkhano wonse unkathera pomwepo, malamulo onse amene anagwirizana n'kufa. Mapeto ake? Anansi anagawana dzikolo mu 1772, 1793 ndi 1795, linafufutika pamapu mpaka 1918. Amene analigawanawo ndi Russia, Prussia (ufumu wa ku Germany) ndi Austria, onse a mafumu osafunsa munthu. Tizinena zoona, nthawi imeneyo dziko lopanda mwini mmodzi linkamezedwa.

aMbewe wa Maakaunti:
Bambo a Tadala, za Poland ndazimva, ena ayankha. Ine ndikufuna tione kumene ndalama zinkachokera, chifukwa kukwera ndi kugwa komwe kuli pamenepo.

Nkhondo inali itasintha. Mizinga, malinga atsopano, asilikali olandira malipiro chaka chonse, zonsezi zinkafuna ndalama zoti bwana wa dera limodzi sakanazipeza. M'zaka za m'ma 1690 Louis anali ndi asilikali opitirira 300,000. Kuti uwadyetse uyenera msonkho, kuti utolere msonkho anthu asakufuna uyenera asilikali. Chimodzi chinkakoka chinzake. Msonkhano waukulu wa dziko la France, uja Nachisale akunena, unakumana mu 1614 ndipo sunaitanidwenso mpaka 1789.

Koma funsani kuti ankakhoma ndani. Msonkho waukulu wa taille unkagwera kwambiri alimi, mabwana ndi akuluakulu a mpingo ankaudumpha. Unalinso msonkho wa mchere: m'zigawo zambiri banja linkakakamizidwa kugula mchere wa boma pa mtengo wa boma, ogwidwa akuzembetsa mchere ankatumizidwa kukapalasa ngalawa zankhondo atamangidwa unyolo. Ntchito yotolera misonkho yambiri mfumu inkaigulitsa kwa amalonda, iwo n'kupereka ndalama pasadakhale, kenako n'kukafinya anthu kuti abweze zawo ndi phindu.

Nachisale:
Apa ndiye pakumveka. Ndiye kuti mabwanawo sanagonjetsedwe kwenikweni, anangogwirizana nayo mfumu?

Aphunzitsi Opuma:
Ndi zomwezo mwana wanga. Ndikufuna ndikhalepo pang'ono pamenepa, chifukwa ambiri amaganiza kuti Louis anathyola mabwana. Anawagula.

Mu 1682 anasamutsira likulu ku Versailles, ndipo wofuna udindo, penshoni kapena ukwati wabwino wa mwana wake ankayenera kuoneka kumeneko. Tayerekeza m'mawa wa tsiku wamba. Mfumu yadzuka, zitseko zikutsegulidwa, anthu akulowa m'chipinda chogona gulu ndi gulu malinga ndi ulemu wawo. Malaya amkati akuperekedwa ndi munthu wapamwamba kwambiri amene ali m'chipindamo. Usiku mfumu ikamakagona imaloza munthu mmodzi woti agwire choikapo kandulo, ndipo amene walozedwayo mawa lake nyumba yonse ikukamba za iye. Adzukulu a anthu amene ankasonkhanitsa asilikali awoawo n'kuopseza mafumu tsopano akulimbirana kandulo. Akakhala ku Versailles amawononga chuma pa zovala ndi njuga, akasauka amayang'ana kwa mfumu yomweyo. Bwana amene watsalira kumudzi kwake, mfumu ikamva dzina lake inkangoti munthuyo simamuona, basi zake zada.

Komabe mfumuyo inali yomangika kuposa mmene inkaonekera. Maudindo masauzande, kuphatikizapo a oweruza, anali atagulitsidwa, munthu n'kumasiyira mwana wake ngati munda. Mfumu sikanamuchotsa popanda kumubwezera ndalama zake, ndipo ndalamazo panalibe. Zigawo ngati Brittany ndi Languedoc zinasunga misonkhano yawo ndi malamulo awo. Lamulo la kalowedwe ka ufumu sikanalisintha: Louis atalemba zofuna zake zomaliza, khoti la ku Paris linazigwetsa iye atangomwalira mu 1715. Mawu aja amati ananena, oti boma ndi iye, akatswiri a mbiri sanapeze umboni woti anawanenadi.

Choncho pangano linali lotere: inu mabwana musandiukire, ine sindikhudza matumba anu. Wolipira panganolo anali mlimi.

Mayi a Yankho ku Leeds:
Ndalowa mochedwa, ndinali ku ntchito ya usiku. Aphunzitsi, ndiloleni ndiwonjezere za kuno ku England, chifukwa kuno anayesa zomwezo koma zinakanika msanga.

Charles I analamulira kuyambira 1629 mpaka 1640 osaitana Nyumba ya Malamulo. Ndalama ankazipeza pofukula malamulo akale. Unalipo msonkho wa zombo umene kale unkakhomedwa ndi matauni a m'mbali mwa nyanja pa nthawi ya nkhondo, iye anaufalitsa dziko lonse mu 1635, nkhondo kulibe. Munthu wina wachuma, John Hampden, anakana kupereka mashiling'i 20. Mlandu anagonja, koma mwa oweruza 12, asanu anaima naye, ndipo anthu ambiri anayamba kuzemba msonkhowo. Kenako Charles anakakamiza anthu a ku Scotland buku la mapemphero limene sankalifuna, iwo anatenga zida, iye ndalama zolipirira asilikali analibe. Anagwira njakata, anaitana Nyumba ya Malamulo yomwe ija, ndipo aphungu anabwera ndi madandaulo a zaka 11.

Mu Januwale 1642 Charles analowa iye mwini m'Nyumbamo ndi asilikali kudzagwira aphungu asanu, anapeza atathawa. Mpaka lero, tsiku lotsegulira Nyumba ya Malamulo, wamthenga wa mfumu akafika pakhomo la aphungu amamutsekera chitseko pamaso, amayamba wagogoda katatu. Ndimaonera pa TV chaka chilichonse akachita mwambowu, ndipo umandikhudza, chifukwa anthu anafa ambiri kuti chitseko chimenecho chizitsekeka.

Mwana wake James II anayesanso, mu 1688 anathawira ku France kwa Louis. Mary, mwana wa James, ndi mwamuna wake William anapatsidwa mpando mu 1689 atavomera kuti mfumu singakhometse msonkho, singaimitse lamulo, singasunge asilikali pa nthawi ya mtendere popanda chilolezo cha Nyumba ya Malamulo.

Bambo a Tadala:
Koma Mayi a Yankho, musadumphe Cromwell. Atadula mutu mfumu anapeza chiyani? Msilikali amene anabalalitsa aphungu omwewo mu 1653 n'kulamulira ndi mfuti. Mu 1660 anthu anaitana okha mwana wa mfumu ija kuti abwerere.

Mayi a Yankho ku Leeds:
Zoona bambo, sindikumuikira kumbuyo Cromwell, anthu a ku Ireland mpaka pano dzina lake safuna kulimva. Koma mfumu imene inabwerayo inabwera ikudziwa zimene zinaonekera bambo ake.

Wa ku Cape:
Akuluakulu, ine ndimagwira ntchito m'minda ya mphesa kufupi ndi Franschhoek, ndiye nkhani ya Louis XIV ndimakumana nayo m'maina a anthu. Du Toit, De Villiers, Du Plessis, Le Roux, onsewa ndi maina a ku France. Makolo awo anali Apulotesitanti amene anathawa Louis, ena pafupifupi 200 anafika kuno cha m'ma 1688 ndi 1689. Kumapeto kwa msewu waukulu wa tauniyi kuli chipilala chowakumbukira.

Agogo ake a Louis, Henry IV, anapereka ufulu wopembedza kwa Apulotesitanti mu 1598 kuti nkhondo ithe. Louis anaufafaniza mu 1685. Asanatero ankatumiza asilikali kukagona m'nyumba za anthuwo, kudya chakudya chawo, kuwazunza mpaka avomere kusintha mpingo. Matchalitchi anagwetsedwa, abusa anathamangitsidwa, anthu wamba analetsedwa kutuluka m'dziko, komabe pafupifupi 200,000 anazemba. Ambiri anali amisiri, owomba nsalu, amalonda, asilikali. Anapita nalo luso lawo ku England, ku Netherlands, ku Berlin, kwa adani ake omwe. Wolamulira wa Brandenburg, dera la ku Germany kumene kuli Berlin, anachita kulemba chikalata chowaitana chaka chomwecho.

Chimene chimandipweteka n'chakuti panalibe bwalo limene munthu akanaimirira n'kuuza mfumu kuti apa mukulakwa. Vauban, katswiri wake womanga malinga, analemba kuti anthuwo abwezedwe, sanamumvere. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma Louis anali atazungulidwa ndi anthu odikira kandulo aja aphunzitsi anena.

Ndisabisenso, othawawo atafika kuno anapatsidwa malo amene anali odyetsera ziweto a Akhoikhoi, ndipo ambiri anadzakhala ndi akapolo.

Nangondo:
Achimwene a ku Cape, zikomo potchula zimenezo. Ine ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma mtima ukuwawa, chifukwa tikukamba za mafumu ndi aphungu, anthu wamba sakuoneka.

Mu 1693 ndi 1694 ku France kunagwa njala, anthu opitirira 1 miliyoni anafa m'dziko la anthu pafupifupi 20 miliyoni. Nthawi imeneyo mfumu inali pa nkhondo, msonkho sunaime. Mu 1709 kunazizira koopsa, mbewu zinafera m'nthaka, nkhondo ina ili m'kati. Bambo a Tadala, ngalande ija ndi yokongola, koma tiziwerenganso manda.

Ndipo 1685 yomweyo imene anathamangitsa Apulotesitanti, Louis anasainanso Code Noir, lamulo la akapolo a m'zilumba za shuga. Linkanena kuti kapolo ndi katundu. Wothawa kwa mwezi ankadulidwa makutu n'kudindidwa chizindikiro ndi chitsulo chamoto, akathawa kachitatu ankaphedwa. Amenewo anali anthu a ku Africa.

Mayi a Yankho, nanunso ndikufunseni mwaulemu. Nyumba ya Malamulo imene inagonjetsa mfumuyo inali ya ndani? Ya eni malo ndi amalonda. Ovota anali amuna ochepa okhala ndi chuma, mkazi ayi. Aphungu omwewo mu 1698 anatsegula malonda a akapolo kuti wamalonda aliyense alowemo, ndipo m'zaka za m'ma 1700 zombo za Angerezi zinanyamula anthu athu mamiliyoni. Kwa munthu amene anali pansi pa chombo, kaya London ikulamulidwa ndi mfumu kaya ndi aphungu, unyolo unali womwewo.

Mayi a Yankho ku Leeds:
Achemwali, pamenepo sindingatsutse. Ndinafikako ku Liverpool kumalo osungirako mbiri ya ukapolo, ndinatuluka ndilibe mawu. Chokha ndinganene n'chakuti bwalo lija litakhalapo, anthu ena anadzalowamo n'kuligwiritsa ntchito. Lamulo loletsa malonda a akapolo linadutsa m'Nyumba yomweyo mu 1807, anthu wamba atasaina zikalata zodandaula kwa zaka zambiri, akapolo enieniwo akuukira m'minda.

aMbewe wa Maakaunti:
Ndibwerere ku funso lachiwiri la Nachisale, la kugwa. Ambiri muno muli mu banki mkhonde. Tiyerekeze munthu mmodzi ndiye wapampando, ndiye msungichuma, buku akusunga yekha, ndipo mukakangana woweruza ndi iye yemweyo. Akabwera kudzabwereka, mumupatsa? Mukamupatsa ndiye pa chiwongoladzanja chokwera, chifukwa tsiku lililonse angathe kunena kuti sabweza.

Mafumu osafunsa munthu anali otero. Philip II wa ku Spain, ndi siliva yense wa ku America, analephera kubweza ngongole mu 1557, 1575 ndi 1596. Louis XIV mu 1689 anasungunula mipando ndi matebulo asiliva a ku Versailles kuti alipire nkhondo. Pomwe ku England mu 1694 anakhazikitsa Bank of England, imene inabwereketsa boma mapaundi 1.2 miliyoni. Obwereketsa sankaopa, chifukwa ngongoleyo inavomerezedwa ndi aphungu, msonkho wobwezera unakhazikitsidwa ndi aphungu, ndipo ena mwa obwereketsawo anali aphungu omwewo. Dziko la anthu ochepa kwambiri poyerekeza ndi France linkatha kubwereka motsika mtengo n'kupirira nkhondo zaka zambiri. Mfumu yomangidwa manja inapezeka kuti ili ndi thumba lalikulu kuposa mfumu yomasuka.

France inapitiriza kubwereka. Inathandiza America kumenyana ndi Britain kuyambira 1778, inapambana, koma ndi ndalama zangongole. Pofika 1788 pafupifupi theka la ndalama zimene boma linkawononga zinkapita ku ngongole. Nduna Calonne inauza Louis XVI kuti njira yatsala imodzi, eni malo onse akhome msonkho. Mu 1787 anaitana akuluakulu osankhidwa ndi mfumu yomwe, akuganiza kuti angovomera. Anakana, anafuna kuona mabuku. Khoti la ku Paris linati msonkho watsopano ungavomerezedwe ndi msonkhano waukulu wa dziko basi. Mu Ogasiti 1788 boma linalephera kulipira amene linali nawo ngongole. Madzi anafika m'khosi, mfumu inaitana msonkhano umene sunakumane kwa zaka 175.

Onani amene anayamba kukana. Si alimi, ndi mabwana omwe aja anagulidwa ndi Louis XIV. Pangano lija litangokhudza matumba awo, linatha.

Aphunzitsi Opuma:
Ndiwonjezere pang'ono pa zimene aMbewe anena. Chaka cha 1788 matalala anawononga mbewu, mtengo wa buledi unakwera, anthu a mu Paris anali ndi njala. Komanso kwa zaka makumi angapo anthu ophunzira ankawerenga ndi kukambirana m'malo omwera khofi kuti mphamvu zimachokera kwa anthu, chiphunzitso cha Bossuet chinali chitazirala. Msonkhano unatsegulidwa pa 5 Meyi 1789, mu Juni nthumwi za anthu wamba zinadzitcha msonkhano wa dziko lonse, pa 14 Julayi ndende ya Bastille inagwa. Mu Okutobala amayi a m'misika ya Paris anayenda wapansi mpaka ku Versailles kukafunsa buledi, anabwerera ndi mfumu. Pa 21 Januwale 1793 Louis XVI anadulidwa mutu. Munthuyo sanali wankhanza, koma ufumu woti zonse zikudikira munthu mmodzi umafuna kuti aliyense wobadwa pampandopo akhale wakhama ngati Louis XIV, ndipo kubadwa sikusankha.

Bambo a Tadala:
Zonsezo ndi za France. Nanga Russia? Mfumu Peter Wamkulu anameta mabwana ndevu, anamanga St Petersburg pa dambo mu 1703, anagonjetsa Sweden ku Poltava mu 1709, anaika mpingo pansi pa boma. Ufumu umenewo unakhala mpaka 1917. Prussia nayo inakula pansi pa Frederick II. Ndiye musanene ngati ufumu wotere unali woti ugwa basi.

Nangondo:
Unakhalitsa chifukwa kumeneko alimi anali omangika pa nthaka ya bwana. Ku Brandenburg mu 1653 eni malo anavomera kupereka ndalama za asilikali, iwo n'kupatsidwa mphamvu zonse pa alimi awo. Ku Russia munthu ankagulitsidwa, ndipo anadzamasulidwa mu 1861. St Petersburg inamangidwa ndi anthu ogwidwa m'midzi mokakamiza, ambiri anafera m'matope. Peter yemweyo mwana wake Alexei anafera m'ndende mu 1718 atazunzidwa. Bambo, kukhalitsa kotero ine sindikusirira.

Aphunzitsi Opuma:
Pali dziko limodzi limene tisaliiwale. Ku Denmark ufumu wopanda malire anachita kuulemba m'lamulo mu 1665, kuti mfumu ili pamwamba pa malamulo onse a anthu. Koma mu 1848 anthu atapita ku nyumba yachifumu kukapempha kusintha, Frederick VII anavomera, ndipo mu 1849 anasaina malamulo atsopano a dziko. Mfumu sinaphedwe, banja lachifumu lilipo mpaka lero.

Wa ku Cape:
Nanga za anansi athu a ku Eswatini? Sobhuza II anaimitsa malamulo a dziko mu 1973 n'kuletsa zipani, Mswati III ali pampando kuyambira 1986.

Admin:
Achimwene, imeneyo ndi nkhani yaikulu payokha, ili ndi mbiri yake ya atsamunda. Muitsegulire mutu wake mawa, pano titsirize za ku Ulaya.

Bambo a Tadala:
Chabwino, koma za Poland palibe wandiyankha.

Mayi a Yankho ku Leeds:
Ndiyankhe ine bambo. Vuto la Poland silinali kusowa mfumu yosafunsa munthu. England nayo inalibe, koma sinamezedwe, chifukwa aphungu ake ankatha kumanga mfundo ndi mavoti a ambiri n'kutolera msonkho. Ku Poland munthu mmodzi ankatha kuimitsa onse, ndipo akazembe a mayiko oyandikana ankangogula munthu mmodziyo. Anthu a ku Poland vutoli analiona okha. Pa 3 Meyi 1791 anakhazikitsa malamulo atsopano, anathetsa mphamvu ija ya phungu mmodzi, anati nkhani zizitha ndi mavoti a ambiri, mfumu izilamulira pamodzi ndi Nyumba ya Malamulo. Catherine II wa ku Russia sanafune kuti zimenezo zikhazikike pakhomo pake. Mu 1792 anatumiza asilikali kukazigwetsa, ndipo mfumu ya Prussia, imene inali italonjeza kuthandiza Poland, inakana kutumiza ngakhale msilikali mmodzi, chaka chotsatira inatenga nawo gawo lake.